Kukweza liwu si njira yokhayo: momwe zilankhulo zimatsindikira mfundo polankhula

Mnzanga wina amene anakula akulankhula Chingerezi ankaphunzira Chichewa, ndipo anali atafika poti n'kucheza nafe madzulo onse osakakamira. Tsiku lina tinapeza chitseko chili pululu, wina n'kufunsa kuti watsegula ndani. Iye anayankha kuti, "Ine ndatsegula." Koma "ine" ameneyo anamutchula mokweza ndi mokoka, ngati akumenya ng'oma. Tonse tinangoti zii, mpaka mmodzi anafunsa kuti, "Mwakwiya kodi?" Sanakwiye ayi. Ankafuna kunena zimene ife tikanangoti, "Ndatsegula ndine," liwu lili m'malo mwake.

Zoterezi sizigwera ophunzira Chichewa okha. Mumamva anthu akudandaula kuti a mtundu wakuti amalankhula ngati akukalipa, a mtundu wina ngati sakufuna kucheza nawe. Makina aja owerenga mauthenga pa foni amatchula mawu onse bwinobwino, koma osamveka kuti nkhani yagona pati. Zonsezi gwero lake n'limodzi. Aliyense akamalankhula amafuna womvera adziwe mbali ya chiganizo imene ili yatsopano, kapena imene ikukonza zimene mnzake walakwitsa. Chimene chimasiyana ndi chida chimene chilankhulo chake chinam'patsa chochitira ntchitoyo, ndipo khutu limene linazolowera chida chimodzi limamva molakwika likakumana ndi china.

Ndisanapite patali: m'Chichewa "liwu" ndi "mawu" timagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. M'nkhani ino ndikati liwu ndikunena lija lotuluka pakhosi, ndikati mawu ndikunena aja timawalemba ndi kuwapeza m'dikishonale.

Zinthu zitatu zofanana nkhope

Ikani zala pakholingo n'kunena kuti "aaa". Kunjenjemera kumene mukumvako ndi timinofu tiwiri timene timatseguka ndi kutsekeka mpweya ukamachokera m'mapapo. Kwa mwamuna wamkulu timatero ka 120 kapena chapomwepo pa sekondi imodzi, kwa mkazi ka 200 kapena kupitirira, kwa mwana wamng'ono kuposa pamenepo. Timinofuti tikakungika, ngati chingwe cha gitala, timanjenjemera mofulumira ndipo liwu limakwera. Tikakhwefuka limatsika. Kuwonjezera pa kukwera ndi kutsikaku, wolankhula akhoza kutalikitsa phatikizo, kuliwonjezera mphamvu, kapena kutchula lembo la liwu momveka bwino m'malo molimeza. Zipangizo zake ndi zomwezi padziko lonse. Ntchito zimene zimagwira ndiye zilipo zitatu, ndipo anthu ambiri amazisokoneza.

Yoyamba akatswiri a zilankhulo amaitcha stress, ine ndiziti chitsindiko. Ndi pamene phatikizo limodzi m'mawu limaposa anzake. Zilankhulo zina zinalikhomerera pamalo amodzi: m'Chifinishi, m'Chihangare ndi m'Chitcheki limakhala loyamba, m'Chipolishi ndi m'Chiswahili kawirikawiri limakhala lachiwiri kuchokera kumapeto. M'zilankhulo zina limayendayenda, ndipo likasuntha tanthauzo limasintha. M'Chirasha zámok ndi nyumba yachifumu yamalinga, zamók ndi loko. M'Chisipanishi término ndi malire, termino ndi "ndikumaliza", terminó ndi "anamaliza". M'Chijeremani muli mneni umfahren, amene mukatsindika koyamba mwagunda chinthu ndi galimoto, mukatsindika pakati mwachilambalala.

Yachiwiri ndi toni. Apa kukwera kapena kutsika kwa liwu ndi mbali ya mawu enieniwo, monga momwe lilili lembo. Ife sitifunika kufotokozeredwa zambiri: mtengo womera m'nkhalango ndi mtengo wa katundu timalemba mofanana, koma palibe Mchewa amene amasokoneza akamva. Chimandarini cha ku China chili ndi matoni anayi, ndipo phatikizo ma likhoza kukhala mayi, chomera china chopangira zingwe, hatchi kapena kukalipira. Chiyoruba chili ndi atatu, Chikantonizi cha ku Hong Kong asanu ndi limodzi. Katswiri wina, Ian Maddieson, atawerenga zilankhulo 527 za mbali zosiyanasiyana za dziko anapeza 220 zili ndi matoni, choncho si chinthu chachilendo ayi.

Yachitatu ndi intonation, nyimbo ya chiganizo chonse. Imeneyi sisintha mawu kukhala ena. Imasintha chimene wolankhula akuchita ndi mawuwo: akufunsa, akulamula, akudabwa, wamaliza kapena akupitiriza. Chilankhulo chilichonse chili nayo, chikhale ndi matoni kapena ayi.

Anthu ambiri amaganiza kuti kutsindika ndiko kukuwa. Dennis Fry wa ku University College London anaziyesa mu 1955 ndi mu 1958. Anatenga mawu a Chingerezi monga object ndi permit, amene amakhala dzina kapena mneni malinga ndi pamene patsindikidwa, n'kumawasintha ndi makina pang'onopang'ono anthu akumvetsera. Anapeza kuti mphamvu ya liwu ndi imene inali yochepa ntchito. Kutalika kwa phatikizo kunkaiposa, ndipo kusuntha kwa liwu, kukwera kapena kutsika, kunkaposa zonse.

Chingerezi ndi abale ake: mawu akhale pomwepo, liwu liyende

Chingerezi, Chijeremani ndi Chidatchi zili ndi chizolowezi chimodzi. Mawu sasuntha kwenikweni m'chiganizo, koma wolankhula amanyamula nsonga ya liwu, paja limamveka kuposa pena ponse, n'kukaiika pa mawu alionse amene akufuna. Taonani chiganizo chakuti Mary closed the door, kutanthauza kuti Mary anatseka chitseko. Nsonga ikagwera pa Mary, akuyankha funso lakuti anatseka ndani. Ikagwera pa closed, akutsutsa wina amene akuti anatsegula. Ikagwera pa door, nkhani ndi yakuti sanatseke zenera. Mawu anayi omwewo, mayankho atatu. Zili ngati tochi m'chipinda chamdima: katundu sasuntha, kuwala ndiko kumayenda. Mnzanga uja tochi yomweyi ndi imene anabwera nayo m'Chichewa.

Mbali ina ya chizolowezichi, imene ophunzira Chingerezi sauzidwa kawirikawiri, ndi kuzimitsa. Mawu amene anenedwa kale amawatchula motsitsa ndi mofulumira, ngati akungowadutsa. James Alexander Gordon, amene ankawerenga zotsatira za mpira pa wailesi ya BBC kwa zaka pafupifupi 40 mpaka 2013, anatchuka chifukwa omvera ankadziwa kuti timu yapambana, yagonja kapena yafanana mphamvu iye asanatchule zigoli zomaliza. Matimu akafanana mphamvu nambala yachiwiri imakhala yobwereza, ndiye nsonga ya liwu imagwera pa dzina la timu yachiwiri, nambalayo n'kungotsetsereka. Womvera akamva nsonga pa dzina, wadziwa kale.

Kuzimitsaku si kwa aliyense. Mu 2002 Marc Swerts, Emiel Krahmer ndi Cinzia Avesani anaseweretsa anthu olankhula Chidatchi ndi olankhula Chitaliyana masewera otchula zithunzi za maonekedwe ndi mitundu yosiyanasiyana, monga bokosi lofiira kenako bokosi lobiriwira. Adatchi ankazimitsa mawu obwereza, moti munthu wina akamvetsera chiganizo chimodzi chokha ankatha kulota chimene chinanenedwa m'mbuyo mwake. Ataliyana ankatsindika mawu onse awiri mosayang'ana kuti ena anenedwa kale, ndipo anzawo omvetsera sankatha kulota.

Kodi pali lamulo lonena pamene nsonga iyenera kugwera? Akatswiri anakangana zaka zambiri. Dwight Bolinger analemba nkhani mu 1972 imene mutu wake unkanena kuti malowo ungawalosere, malinga ngati ukutha kuwerenga maganizo a munthu. Ndikuona kuti anakhudza penipeni. Galamala imapereka malo a masiku onse, koma wolankhula amasankha poyang'ana zimene akuganiza kuti mnzakeyo akudziwa kale.

Zilankhulo zosuntha katundu

Chifalansa chilibe chitsindiko chosiyanitsa mawu. Liwu limalemera kumapeto kwa kagulu ka mawu, basi. Tsono Mfalansa akafuna kunena kuti anatseka ndi Marie osati wina, amamanga chiganizo china: C'est Marie qui a fermé la porte, ndendende ngati ife tikamati "Ndi Marie amene anatseka chitseko." Ali nayo njira yolemeretsa phatikizo loyamba akatengeka mtima, monga ponena kuti chinthu n'chodabwitsa, koma imeneyo ndi ya kutengeka, si ya kuyankha funso lakuti ndani.

Chitaliyana ndi Chisipanishi zimakonda kuti nsonga ikhale kumapeto, ndiye zimakankhira kumapetoko mawu ofunikawo. Mukafunsa Mtaliyana kuti waimba foni ndani, ayankha kuti Ha telefonato Gianni, mneni patsogolo, mwininkhani pambuyo. Ifenso timatero: "Waimba ndi Gianni."

Chihangare ndiye chinachita kupatula mpando. Malo oyandikana ndi mneni, kutsogolo kwake, ndi a mfundo yotsindikidwa. Péter meghívta Marit ndi kungonena kuti Péter anaitana Mari. Péter hívta meg Marit ndi kunena kuti anamuitana ndi Péter, panalibenso wina. Kachidutswa ka mneni kakuti meg kachoka pamalo pake kupita kumbuyo kuti Péter akhale pampandopo.

Liwu likakhala kuti lili kale pa ntchito

Apa ndi pamene nkhani imakoma. Ngati kukwera ndi kutsika kwa liwu kukusiyanitsa kale mayi ndi hatchi, wolankhula angakwezenso bwanji liwu potsindika popanda kusandutsa mayi kukhala hatchi?

Chimandarini cha ku Beijing chinapeza njira. Yi Xu anaonetsa mu 1999 kuti toni sisintha maonekedwe ake, imangokula. Yokwera imakwera kwambiri, yotsika imatsika kwambiri, phatikizo n'kutalika. Kenako mawu onse otsatira amapanikizidwa, matoni awo n'kuchepa ngati mafunde a m'beseni poyerekeza ndi a panyanja. Zili ngati kulemba mawu amodzi ndi malembo akuluakulu, otsatirawo ndi ting'onoting'ono: malembo ndi omwewo, kukula ndiko kwasiyana. Chodabwitsa n'chakuti kupanikiza kumeneku sikupezeka m'Chikantonizi kapena m'chilankhulo cha Hokkien cha ku Taiwan, ngakhale zonsezi ndi za banja limodzi. Chikantonizi chimadalira kutalikitsa, mphamvu, ndi timawu tambirimbiri ta kumapeto kwa chiganizo timene timanyamula kudabwa, kukayika kapena kuumirira.

Ku Africa zilankhulo zambiri zimagwiritsa ntchito kamawu kolozera. M'Chiyoruba Adé ra ìwé ndi "Adé anagula buku". Mukafuna kutsindika wogulayo mumati Adé ni ó ra ìwé, mukafuna kutsindika bukulo mumalikokera kutsogolo, Ìwé ni Adé rà. Kamawu kakuti ni ndiko chala cholozera. Chihausa chili ndi ne ndi ce, ndipo chimasankha poyang'ana ngati chotsindikidwacho n'chachimuna kapena chachikazi: Audu ne ya zo, Kande ce ta zo, wabwera ndi Audu, wabwera ndi Kande. Chisomali chili ndi baa ndi ayaa. Chizulu chimasintha mneni weniweniyo: ngifunda incwadi ndi "ndikuwerenga buku", nkhani ili pa bukulo, koma pakakhala kuti palibe chotsatira kapena nkhani yagona pa kuwerengako, pamalowa kachidutswa kakuti ya, n'kukhala ngiyafunda.

Munthu akhoza kufulumira kunena kuti lamulo lapezeka: chilankhulo cha matoni chimagwiritsa ntchito timawu, chopanda matoni chimagwiritsa ntchito liwu. Chiwolofu cha ku Senegal ndi Gambia chimaphwasula lamulo limeneli. Chilibe matoni, liwu lake ndi lomasuka, komabe Annie Rialland ndi Stéphane Robert anapeza mu 2001 kuti olankhula Chiwolofu satsindika mfundo ndi liwu. Ntchito yonse ili m'timawu toyenda ndi mneni: moo nkhani ikakhala pa wochita, la ikakhala pa chochitidwa, dafa ikakhala pa mneni. Chiganizo chimayenda chathyathyathya, tanthauzo lili poyera. Ndiye Chimandarini chili ndi matoni koma chimatsindika ndi liwu, Chiwolofu chilibe koma sichitero. Matoni amapanikiza malo, inde, koma sindiwo amagamula.

Nanga Chichewa?

Chichewa chili ndi matoni awiri, yokwera ndi yotsika, ndipo ntchito yawo yaikulu ili pa mneni. Nenani mokweza kuti "ndimathandiza" potanthauza zimene mumachita masiku onse, kenako nenaninso potanthauza zimene munkachita dzulo. Poyamba liwu limakwera pa "ndi" ndi pa "ndi" wachiwiri uja wa chakumapeto. Kachiwiri limakwera pa "tha". Yesaninso "sabata yatha". Mukatsitsa "ya", mukulengeza kuti sabata yafika kumapeto. Mukakweza "ya", mukunena za sabata ija tadutsayi. Mwana wa zaka zisanu amazidziwa zimenezi popanda womuphunzitsa. Buku la galamala ya Chichewa la Mark Hanna Watkins la mu 1937, limene analemba mothandizidwa ndi Kamuzu Banda pamene ankaphunzira ku Chicago, linkalemba zizindikiro za matoni. Kalembedwe kathu ka masiku onse kanazisiya, n'chifukwa chake ambiri a ife timadabwa tikauzidwa kuti chilankhulo chathu chili m'gulu limodzi ndi Chimandarini.

Chinanso chimene timachita osazindikira ndi kutalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto tikafika popumira. Sitinena kuti "wapita kunyumba" mofulumira mpaka kumapeto. Timati "wapita kunyuumba". Mvetserani munthu aliyense akulankhula, muzimva.

Jonni Kanerva, m'kafukufuku wake wofalitsidwa mu 1990, anati kutalikitsa kumeneku ndiko chida chimene Chichewa chimalozera nacho mfundo. Chitsanzo chake, chimene chinatchuka pakati pa akatswiri padziko lonse, n'chakuti "Anamenya nyumba ndi mwala". Mukafunsidwa kuti "Anachita chiyani?" mumanena chiganizo chonse ndi mpweya umodzi, n'kutalikitsa pa "mwaala" pokha. Mukafunsidwa kuti "Anamenya chiyani ndi mwala?" mumadula pambuyo pa nyumba: "Anamenya nyuumba, ndi mwaala." Kadulidwe ka chiganizo ndiko kamasintha, ngati mmene wosoka amaikira mpindiro pamene akufuna diso ligwere.

Ena atabwereza kafukufukuyu ndi olankhula ambiri, zinthu sizinatuluke zosalala chotero. Laura Downing, Al Mtenje ndi Bernd Pompino-Marschall anagwira ntchito imeneyi kwa zaka, ndipo mu 2013 Downing ndi Pompino-Marschall analemba kuti olankhula Chichewa sakakamizika kusintha liwu pofuna kusonyeza mfundo yatsopano. Akhoza kudula ndi kukweza akafuna kuumirira, koma nthawi zambiri yankho la funso limodzi ndi la funso lina amazitchula mofanana. Kwa ine izi n'zomveka, chifukwa zida zina tili nazo zambiri, ndipo ndi zimene dzanja limayamba kugwira.

Taonani mmene timachitira ndi chiganizo chimodzi chokha, "Mwana wathyola galasi." Wina akaloza munthu wolakwika timati, "Mwana ndiye wathyola galasi," kapena "Wathyola galasi ndi mwana." Wina akakayika ngati zachitikadi timati, "Wathyoladi." Tikafuna kuchenjeza amene sakumva timati, "Wathyolatu galasi!" Nkhani ikakhala pa galasilo timalikokera kutsogolo, n'kusiya chizindikiro chake mumneni: "Galasilo walithyola mwana." Kachidutswa kakuti "li" kameneko Joan Bresnan ndi Sam Mchombo anakafotokoza mu 1987 kuti kamagwira ntchito ngati mlowam'malo, ndipo ndiko kamamasula dzinalo kuti liyende kulikonse m'chiganizo. Tilinso ndi "yemweyo", "mwiniwake", "ndithu", "basi". Ndimakonda kwambiri "tu", chifukwa palibe mawu amodzi a Chingerezi amene angalowe m'malo mwake. "Ndanena" ndi nkhani chabe. "Ndanenatu" ndi chenjezo, ndipo tsiku zinthu zikadzavuta wolankhulayo adzakukumbutsani. Mngelezi zimenezo amazinyamula ndi liwu lokha.

Pamene liwu lathu limamasuka kwenikweni ndi pa kukokera ndi pa mvekero. "Kutali" ndi "kutaaali" ndi mitunda iwiri yosiyana. "Kale" ndi "kalekaaale" ndi nthawi ziwiri. Tikati nsalu yayera mbee, kunja kwada bii, m'nyumba muli zii, mvekerowo timautchula ndi liwu lokwera kapena lotsika kuposa chiganizo chonse, nthawi zina titapumira kaye pang'ono. Apa ndi pamene Mchewa amaimba. Mnzanga uja akanaika mphamvu zake zonse pa "pululu", palibe akanamufunsa ngati wakwiya. Anaziika pa "ine", pamalo pamene ife timakweza liwu pokhapokha tikamakangana.

Funso silikwera paliponse

Ambiri tinaphunzitsidwa kuti funso limathera m'mwamba. M'zilankhulo zambiri ndi zoona, koma osati zonse. Rialland yemwe uja anasonkhanitsa zilankhulo zambiri za ku Africa, makamaka za kumadzulo monga za banja la Gur ku Burkina Faso, Ghana ndi Togo, zimene funso lake limatsika: lembo la liwu lomaliza limatalika, liwu n'kugwa, nthawi zina n'kuthera m'mpweya. M'Chirasha funso limalumpha m'mwamba pa mawu amene akufunsidwawo kenako n'kugwa, ndipo kwa wozolowera Chingerezi zimamveka ngati munthuyo watopa naye. Ku Belfast ndi ku Glasgow anthu amakweza liwu kumapeto ngakhale akungonena nkhani, moti mlendo amayesa akufunsidwa. Ife tili ndi "kodi", Chimandarini chili ndi ma, Chijapani ka, timawu tochepetsera liwu ntchito.

Ngakhale zilankhulo zamanja zili ndi nyimbo yawo, koma ili pankhope. M'chilankhulo chamanja cha ku America, funso loyankhidwa kuti inde kapena ayi limafunsidwa nsidze zili m'mwamba, funso lakuti ndani kapena chiyani nsidze zitatsika.

Khutu limaumbidwa msanga

Chimene chimapangitsa kuti zimenezi zivute kuphunzira ukakula n'chakuti zimalowa mawu asanalowe. Mwana ali m'mimba samva malembo bwinobwino, koma kukwera ndi kutsika kwa liwu la mayi ake kumamufika. Mu 2009 gulu la Birgit Mampe ndi Kathleen Wermke linajambula kulira kwa makanda 60 a masiku ochepa chabe, 30 a makolo olankhula Chifalansa, 30 a makolo olankhula Chijeremani. Makanda a Chifalansa ankakonda kulira mokweza chakumapeto, a Chijeremani motsitsa, mofanana ndi nyimbo ya zilankhulo ziwirizo.

Khutu likazolowera, zina limasiya kuzimva. Emmanuel Dupoux ndi anzake anaonetsa mu 1997 kuti olankhula Chifalansa amavutika kusunga m'mutu kusiyana kwa mawu opeka amene angosiyana pa chitsindiko, pamene olankhula Chisipanishi savutika n'komwe. Si kuti makutu awo ndi ofooka. Chilankhulo chawo sichinawapatse chifukwa chosamalira kusiyanako. N'chimodzimodzi mlendo amene akumva "mtengo" ndi "mtengo" n'kumaumirira kuti tanena mawu amodzi kawiri.

Vuto limakula pamene kusamvana kwa makutu kwasanduka chiweruzo pa khalidwe la munthu. John Gumperz anafotokoza mu 1982 zimene anapeza pa bwalo la ndege la Heathrow ku London. M'kantini ya ogwira ntchito munalembedwa amayi ochokera ku India ndi Pakistan, ndipo posakhalitsa oyang'anira ndi odzadya anayamba kudandaula kuti amayiwo ndi amwano. Amayiwo nawo ankaona kuti akusalidwa. Atajambula mawu, zinapezeka kuti nkhani yagona pa mawu amodzi, gravy, kutanthauza msuzi. Operekera chakudya a ku Britain ankawatchula mokweza kumapeto, kumveka kuti "Kodi ndikuthirireni msuzi?" Amayi aja ankawatchula motsitsa, monga mmene funso laulemu limamvekera kwawo, koma m'makutu a Angelezi zinkamveka kuti "Msuzi uwu, tengani kapena siyani." Magulu awiriwo atamvetsera limodzi zojambulidwazo n'kufotokozeredwa, anayamba kumvana. Nkhaniyi imandikhudza chifukwa palibe amene analakwitsa mawu kapena galamala. Munthu ukalakwitsa mneni, womvera amadziwa kuti ukuphunzira ndipo amakukhululukira. Ukalakwitsa nyimbo, saganiza za chilankhulo n'komwe, amangoti ndiwe wamwano. Ndipo zoterezi zimachitika pofunsidwa ntchito, m'chipatala, m'khoti, pamene womasulira wapereka mawu onse molondola koma nsonga yagwera pena.

Pa pepala ndi m'makina

Zolemba zimataya zambiri mwa zimenezi, ndipo chilankhulo chilichonse chimatola zimene chingathe. Chisipanishi chimalemba kachizindikiro pa phatikizo lotsindikidwa likachoka pamalo a masiku onse, ndipo kuyambira 1754 bungwe loyang'anira chilankhulocho linalangiza kuti chizindikiro cha funso chozondoka chiziikidwa koyambirira, kuti wowerenga adziwiretu nyimbo yoyamba nayo. Chiviyetinamu ndi Chiyoruba zimalemba matoni. Chingerezi chimapendeketsa malembo kapena kuwakulitsa, n'chifukwa chake uthenga wa malembo akuluakulu okhaokha umawerengedwa ngati kukuwa.

Akatswiri nawo anafunika njira yolembera nyimboyi. Janet Pierrehumbert mu 1980 anaonetsa kuti nyimbo ya Chingerezi ingalembedwe ndi zizindikiro ziwiri zokha, kukwera ndi kutsika, zomangiriridwa pa maphatikizo otsindikidwa ndi pa malire a ziganizo. Maganizo amenewa anabwereka zambiri ku kafukufuku wa matoni a zilankhulo za ku Africa. Lero aliyense amene ali ndi kompyuta akhoza kutenga pulogalamu yaulere ya Praat, imene anapanga Paul Boersma ndi David Weenink a ku yunivesite ya Amsterdam, n'kujambula liwu lake, n'kuliona likukwera ndi kutsika ngati mzere pa sikirini.

Makina owerenga mokweza amakumana ndi mavuto osiyana malinga ndi chilankhulo. M'Chingerezi amatchula mawu molondola, koma kuti adziwe poika nsonga ayenera kudziwa zimene zanenedwa kale ndi zimene womvera akuganiza, vuto lija ananena Bolinger. M'Chichewa mbali imeneyo ndi yopepukirapo, chifukwa "ndiye", "di" ndi "tu" zimalembedwa, ndipo uthenga wakuti "Ndafikatu" umafika pa foni ya mnzanu chenjezo lake lili lonse. Chimene chimasowa papepala ndi toni. Makina akakumana ndi "Ndimathandiza ana sabata yatha", ayenera kuona kaye kuti "sabata yatha" pano ndi nthawi, si chilengezo, akweze "ya", kenako abwerere m'mbuyo kukakweza "tha" wa "ndimathandiza", chifukwa nkhaniyo ndi ya kale, si ya masiku onse. Inu mwachita zonsezo powerenga chiganizocho kamodzi.